Kinnah Phiri: Kuchoka pa Bwalo la Sukulu Kukafika ku Luanda

Mukakhala pa depoti ya ku Balaka, kapena pakhonde la golosale pamsika wa Ntaja, n'kuponya funso lakuti mphunzitsi wa mpira woposa onse m'dziko muno ndi ndani, simudikira nthawi kuti dzina la Kinnah lituluke. Palibe amene amavutika n'kuwonjezera kuti Phiri. Amangoti Kinnah, ngati akutchula mwana wa pakhomo. Koma mukamvetsera bwino mupeza kuti onsewo sakunena munthu mmodzi. Madala a imvi akunena mnyamata wa Bata Bullets amene ankazunza magoloboyi m'zaka za m'ma 1970. Amene adali anyamata mu 2004 akunena bambo wokhala pa benchi ya Bakili Bullets. Ana a dzulodzuloli amangodziwa zigoli zitatu zimene Algeria idamwa ku Angola.

Ku America, dzina la mphunzitsi wa mpira limapangidwira ku koleji. Mpira wawo ndi wina, wothamanga nawo m'manja n'kumagundana atavala zisoti, koma ulemu umene amapereka kwa mphunzitsi wamkulu wa timu ya sukulu ndi wodabwitsa. Nick Saban adapuma ntchito mu Januwale 2024 atatenga zikho 7 za dziko lonse, chimodzi ndi yunivesite ya LSU ndipo 6 ndi ya Alabama. Ankalandira ndalama zoposa madola 11 miliyoni pachaka, ndipo bwalo la Alabama limalowa anthu oposa 100,000. Kwathu kuno koleji ilibe mphamvu zotere pa mpira. Mzuni, timu ya ku yunivesite ya Mzuzu, idasewerako mu ligi yaikulu kwa zaka zingapo, koma ndi zochitika kamodzikamodzi. Kumene mpira wa Malawi unkaswera akatswiri ake kunali ku sekondale, pa mabwalo a fumbi okhala ndi magolo a mitengo, pansi pa mphunzitsi amene m'mawa amaphunzitsa masamu, madzulo n'kunyamula wenzulo.

Kinnah adachokera kumeneko. Adabadwa pa 30 Okutobala 1954, ndipo anthu a mpira adayamba kumuona akusewera pa sekondale ya Chiradzulu. Sinali sukulu ya mumzinda. Inali sukulu ya paboma, yofanana ndi ya Balaka kapena ya Puteya ku Machinga. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo mpira wa m'sukulu unali ndi maso ouyang'ana. Wosewera bwino ankasankhidwa kulowa timu ya sukulu za dziko lonse, ndipo matimu aakulu a ku Blantyre ankatolera komweko. Pofika 1973, asanakwanitse zaka 20, anali atavala kale malaya a timu ya dziko.

Zimene adachita m'zaka zisanu ndi zitatu zotsatira sizidachitikenso. Adamwetsa zigoli 71 m'masewero 117 a timu ya Malawi. Kuti chiwerengerochi chimveke kukula kwake, Didier Drogba adasiyira pa 65 ndi Ivory Coast, Samuel Eto'o pa 56 ndi Cameroon. Pa m'badwo wake mu Africa amene adamuposa ndi Godfrey Chitalu wa ku Zambia, wa zigoli 79, ndipo awiriwa ankakumana maso ndi maso pabwalo. Ochemerera adamupatsa dzina loti Electric. Mu 1978, mphunzitsi ali Mngelezi Ted Powell, Malawi idatenga chikho cha kummawa ndi pakati pa Africa itagonjetsa Zambia 3-2 kuno kwathu. Chaka chotsatira idakachiteteza ku Kenya, kukwapula eni bwalo 3-2 m'ndime yomaliza. Inali timu ya Jack Chamangwana, Boniface Maganga ndi Barnet Gondwe, ndipo anthu a ku Ulongwe, ku Nsanama ndi ku Utale ambiri sadawaonepo ndi maso. Ankawadziwira pa wailesi ya MBC, atazungulira kawailesi kamodzi mudzi wonse, mabatire ataanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa.

Kenaka njira idatsekeka. Timu ya Sharjah ya ku United Arab Emirates idamufuna, koma akuluakulu kuno sadamulole kupita. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankangotuluka m'dziko chifukwa choti wapeza mwayi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Kinnah adachoka n'kukapezeka ku Swaziland, dziko lomwe lero likutchedwa Eswatini, komwe adasewerera Manzini Wanderers. Motero pamene Malawi idapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa mu 1984 ku Ivory Coast, womwetsa zigoli wamkulu wa dzikoli kunalibe. Timuyo, pansi pa Danny McLennan, idagonja 3-0 kwa Algeria, idalepherana 2-2 ndi Nigeria, n'kugonjanso 1-0 kwa Ghana. Owerenga asunge m'mutu 3-0 ya Algeria imeneyi, ibweranso kutsogoloku.

Uphunzitsi adauyambira ku Manzini komweko, kutali ndi manyuzipepala a kwawo. Zaka zimenezo sizikambidwa kawirikawiri, chonsecho ndi zimene zidasandutsa wosewera kukhala mphunzitsi. Akatswiri ambiri amalephera pa sitepe imeneyi chifukwa zimene miyendo yawo inkachita yokha sadziwa kuzifotokozera mwana wina. Kinnah adaphunzira kufotokoza, ndiponso adaphunzira chinthu chimene chidadzakhala chizindikiro chake: kupangitsa wosewera wamba kukhulupirira kuti amene akulimbana nayeyo ndi munthu ngati iye yemwe.

Apa ndi pamene Machinga ikulowera m'nkhaniyi. Mu 2003, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma m'boma la Machinga, adatenga udindo wothandiza Bullets, ndipo timuyo idasintha dzina kukhala Bakili Bullets. Maule, monga timuyi imadziwikira, anali kale pamwamba. Adatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005. Chimene chinkasowa ndi ndalama zotulukira kunja, pakuti mpikisano wa matimu a mu Africa umadya ndalama ngati moto wolusa: matikiti a ndege, mahotela, malipiro a oyimbira, zonse m'madola. Ndalama za a Muluzi zidatseka dzenje limenelo. Osewera ankalandira bwino ndiponso pa nthawi yake, timu idakachita m'bindikiro mpaka ku Britain, ndipo pa benchi padali Kinnah.

Mu 2004 Bakili Bullets idatulutsa Zanaco ya ku Zambia, kenaka Orlando Pirates ya ku South Africa, timu yomwe idatengapo chikho chomwecho mu 1995. Idakhala timu yoyamba ya ku Malawi kufika m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League. Masiku amenewo ndimeyi inkakhala ya matimu asanu ndi atatu okha mu Africa monse. Maule adagwera m'gulu limodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Sadapitirire, ndipo ena mpaka lero amanena zimenezi ngati zochititsa manyazi. Aiwala kuti matimu awiri amene adatuluka m'gululo, Enyimba ndi Étoile, ndi omwewo amene adakakumana m'ndime yomaliza, chikho n'kupita ku Enyimba.

Kwa anthu a ku Machinga ndi ku Balaka, boma lomwe lidadulidwa ku Machinga mu 1998, timuyi inali ndi kakomedwe kena. Dzina la munthu wa kwawo linkatchulidwa pa mabwalo a ku Aba, ku Sousse ndi ku Abidjan. Ngakhale ena a Manoma, ochemerera Wanderers, amene sangayamikire Bullets ngakhale kutulo, ankamvetsera masewerowo mwakachetechete.

Koma chilungamo chinenedwe: ndalama zochokera m'thumba la munthu mmodzi, makamaka wandale, zimatha tsiku limene munthuyo watembenukira kwina. A Muluzi atachoka pampando mu 2004, thandizo silidakhalitse. Dzina la Bakili lidachoka pa malaya, osewera adabalalika, ambiri kulowera ku South Africa, ndipo Bullets idakhala zaka ikupemphetsa. Itatenga ligi ya 2005 sidaionenso kufikira 2014. Sipadamangidwe sukulu ya mpira, sipadatsale bwalo. Chimene chidatsala ndi anthu: goloboyi Swadick Sanudi, wotchinga kumbuyo Peter Mponda, Robert Ng'ambi pakati ndi Jimmy Zakazaka kutsogolo, anyamata amene adalawa mpira wa pamwamba mu Africa n'kuona kuti si wa mizimu. Amene akufuna kumvetsa za Luanda ayambire pamenepa, chifukwa anayi onsewa adali m'timu imene Kinnah adapita nayo ku Angola patatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Iye mwini adadutsira ku South Africa, ku Free State Stars, timu ya m'chigawo cha Free State. Kwawo kuno timu ya dziko, Flames, inali m'manja mwa alendo osinthanasinthana. Mjeremani Burkhard Ziese adabwera n'kupita. Mngelezi Stephen Constantine adafika mu 2007, zinthu sizidayende, ndipo adatula pansi udindo mu Epulo 2008, kutatsala milungu yochepa kuti masewero odzigulira malo ku chikho cha dziko lonse ndi cha Africa cha 2010 ayambe. Bungwe loyendetsa mpira la FAM, lomwe mtsogoleri wake adali Walter Nyamilandu, lidaitana Kinnah. Womuthandiza adali Young Chimodzi wa Silver Strikers, mlangizi adali Jack Chamangwana wa Wanderers: Maule mmodzi pakati pa Silver ndi Noma, amuna atatu amene adavalapo malaya a dziko lawo.

Pa 31 Meyi 2008, m'masewero ake oyamba a mpikisanowo, Flames idathira Djibouti zigoli 8 kwa 1. Anthu adati ndi Djibouti, aliyense angaigonjetse. Ku Kinshasa Malawi idagonja 1-0. Ndiye pa 14 Juni ku bwalo la Kamuzu kudafika Egypt ya Hassan Shehata, imene miyezi inayi m'mbuyomo inali itangoteteza chikho cha Africa ku Ghana. Mphindi 90 zidakwana popanda wogoletsa. M'mphindi zowonjezera, mnyamata wina wa ku Karonga, Chiukepo Msowoya, adauponya mu ukonde. Akatswiri a Africa adagwa mu Blantyre. Pa 11 Okutobala DR Congo idatsogola kudzera mwa Lomana LuaLua, koma Esau Kanyenda ndi Chiukepo yemweyo adatembenuza zinthu, 2-1, Malawi n'kulowa m'ndime yomaliza.

Ndime imeneyo idayamba ndi maliro. Pa 29 Malichi 2009 ku Abidjan, anthu adapondana pa zipata za bwalo la Félix Houphouët-Boigny masewero asanayambe, ndipo osachepera 19 adafa. Mpira udaseweredwabe, Malawi idagonja 5-0. Idagonjanso 1-0 pakhomo kwa Burkina Faso, kenaka 2-1 ku Guinea. Masewero atatu, popanda pointi ndi imodzi yomwe. Mphunzitsi wina akadachotsedwa pamenepo, ndipo mawu oti achoke ankamveka ndithu m'maminibasi ndi pa mawailesi. FAM idamusiya, ndipo pa zonse zimene bungweli lidachita m'zaka zimenezo, kuleza mtima kumeneku n'kumene kudabala zipatso zambiri. Mu Sepitembala Flames idagonjetsa Guinea 2-1, zigoli zonse za Chiukepo. Pa 10 Okutobala Ivory Coast idabwera ku Blantyre ikufuna pointi imodzi yopitira ku chikho cha dziko lonse. Jacob Ngwira adagoletsa, bwalo lidagwedezeka, ndipo alendowo adapulumukira kwa Drogba amene adalowa kuchokera pa benchi n'kubweza. Mwezi wotsatira Malawi idagonja 1-0 ku Ouagadougou, koma Guinea nayo idagwa 3-0 ku Abidjan. Ndi mapointi anayi, Flames idamaliza pachitatu n'kutenga tikiti ya ku Angola, patatha zaka 26.

Mapointi anayi pa masewero asanu ndi limodzi si chiwerengero chonyaditsa, ndipo otsutsa Kinnah amachitchula. Akunena zoona. Koma mapointi anayiwo adachokera pa masewero awiri okhawo amene timu sinkayenera kuphonya, pa nthawi imene ambiri anali atataya kale mtima.

Mpikisano wa ku Angola udayamba mumdima. Pa 8 Januwale 2010 zigawenga zidaombera basi ya timu ya Togo ku Cabinda, anthu adafa, Togo idabwerera kwawo. Pa 10 Januwale eni bwalo adatsogola 4-0 kwa Mali n'kumaliza 4-4. Maso a dziko lapansi adali pa zimenezo, kotero kuti Lolemba pa 11 Januwale, pamene Malawi inkalowa m'bwalo la 11 de Novembro ku Luanda dzuwa likuswa mtengo, mipando yambiri inali yopanda anthu. Algeria ya Rabah Saâdane inali itangotulutsa Egypt ku Omdurman m'dziko la Sudan n'kudzigulira malo ku chikho cha dziko lonse. Palibe amene ankaiwerengera Malawi.

Kuno inali nyengo ya dzinja, anthu ali pakalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza wachiwiri. Amene adali ndi mwayi adadzazana m'nyumba zoonetsera kanema pa Liwonde ndi pa Balaka, ena adakakamira wailesi. Pa mphindi 17 goloboyi Faouzi Chaouchi adasokonezana ndi wotchinga kumbuyo wake, Russell Mwafulirwa n'kulowetsa. Chigawo choyamba chisanathe Elvis Kafoteka adawonjezera ndi mutu. Atangobwera kopuma Davi Banda adamwetsa chachitatu. Ngongole ya 1984 idabwezedwa yonse, 3-0 kwa 3-0, ndipo woibweza adali munthu amene mu 1984 adali kunja kwa dziko, mpikisano ukuchitika popanda iye. Aka kanali koyamba Malawi kupambana masewero pa mpikisanowu. Algeria yomweyo idakatulutsa Ivory Coast 3-2, idafika m'ndime ya matimu anayi, ndipo mu Juni idalepherana 0-0 ndi England ku Cape Town.

Zotsatira zake zimapwetekabe. Angola idagonjetsa Malawi 2-0 kudzera mwa Flávio ndi Manucho, Kinnah atadandaula poyera kuti timu yake idamanidwa bwalo lokonzekera. Pa 18 Januwale ku Cabinda, kulepherana kokha ndi Mali kukadakwanira kuti Flames ipitirire. Mphindi zitatu zisanathe, Frédéric Kanouté ndi Seydou Keita anali atagoletsa kale. Mwafulirwa adabweza chimodzi, Flames idapanikiza, mipata idapezeka n'kutayika, ndipo Mali idatseka nkhani ndi chachitatu kumapeto. Ku Luanda, Angola ndi Algeria zidalepherana 0-0 n'kupitirira zonse ziwiri.

Mbiri ya mphunzitsi ku Malawi kuno imatha kusintha pa mphindi imodzi, ndipo ya Kinnah idasinthira ku N'Djamena. Pa masewero odzigulira malo ku mpikisano wa 2012, Flames idali m'gulu limodzi ndi Botswana, Tunisia, Togo ndi Chad. Pa masewero asanu ndi atatu sidagonje ngakhale kamodzi. Idalepherana 2-2 ndi Tunisia kwawo komwe, idathira Chad 6-2 ku Blantyre. Vuto lidali lakuti idapambana kawiri kokha, kwinako konse kunali kulepherana. Pa 8 Okutobala 2011 Malawi inkatsogola 2-1 ku Chad nthawi itatha, tikiti ili m'manja. Chad idabweza m'mphindi zowonjezera. Tunisia idapita ndi mapointi 14, Malawi idatsala ndi 12.

Kuchokera tsiku limenelo nyimbo idasintha. Amene ankamunyamula pamapewa adayamba kunena kuti Kinnah wakakamira madala omwewo, kuti sapereka mpata kwa ana, kuti nzeru zamuthera, kuti amalonjeza zambiri pa wailesi. Zina mwa izi zidali ndi maziko. Timu ya 2010 inkakalamba, ndipo iye, monga aphunzitsi ambiri amene adapambanapo ndi gulu limodzi la osewera, zinkamuvuta kusiya anthu amene adamutumikira mokhulupirika. Koma funso limene silinkafunsidwa n'lakuti anawo akadawatenga kuti. Mpira wa m'sukulu umene udamubala iye unali utafooka kalekale. Mphunzitsi wa timu ya dziko amasankha pa zimene zilipo. Sangalime yekha, kukolola yekha n'kuphikanso yekha.

Mu 2012 Ghana idatulutsa Malawi pa ulendo wa ku mpikisano wa 2013, 2-0 ku Accra ndi 1-0 ku Lilongwe. Kumapeto kwa chakacho Flames idatuluka m'ndime ya matimu asanu ndi atatu pa chikho cha CECAFA, cha kummawa ndi pakati pa Africa chija, ku Uganda. Mu Januwale 2013 Kinnah adachotsedwa ntchito limodzi ndi Chimodzi ndi Chamangwana. Adakhala pa udindowo pafupifupi zaka zisanu, zimene ndi zachilendo pa mpando umenewo.

Zimene zidatsatira ndizo zimamuweruza bwino kuposa mkangano uliwonse wa pamsika. Mpando udadutsa kwa Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet wa ku Belgium, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden wa ku Belgium komweko, ndi ena ogwirizira pakati. Palibe adafika kumene Kinnah adafika. Flames idadzabwereranso ku mpikisano wa Africa pa 29 Malichi 2021, pamene Richard Mbulu adagoletsa Uganda pa bwalo la Kamuzu, ndipo mphunzitsi adali Mmalawi mnzathu, Meck Mwase. Mpikisanowo utayandikira, FAM idaika Marian Marinica wa ku Romania pamwamba pake. Chizolowezi chokayikira mwana wa pakhomo ntchito ikafika pokoma n'chakale m'mpira wathu, ndipo Kinnah ndi mmodzi mwa ochepa amene adachigonjetsa kwa kanthawi.

Iye sadakhale pansi. Adabwerera ku Free State Stars mu 2014, kenaka adakaphunzitsa Mbeya City ku Tanzania ndi Mochudi Centre Chiefs ku Botswana. Ndi aphunzitsi angati a ku Malawi amene adalembedwapo ntchito m'maiko anayi akunja? Mnzake Chamangwana, amene adasewerapo ndi kuphunzitsa Kaizer Chiefs, adatisiya mu Meyi 2018. Kaputeni wake wa ku Angola, Peter Mponda, adatsata mapazi ake ndipo mu 2024 adatenga ligi ndi Silver Strikers.

Ku Balaka kudachitikanso chinthu china choyenera kuchikumbukira. Mu 2017 bwalo la Kamuzu lidatsekedwa kuti likonzedwe, ndipo Be Forward Wanderers idasamutsira masewero ake a pakhomo ku bwalo la Balaka. Chaka chimenecho Manoma adatenga ligi koyamba chichokereni 2006, pansi pa Yasin Osman, katswiri wina wakale amene adatsogola Kinnah m'timu ya dziko. Anthu ankachokera ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Mangochi Turn-off, pa njinga za kabaza ndi pa malole, kudzaona ndi maso osewera amene ankangowamvera pa wailesi. Chaka chimodzi chimenecho chidaonetsa kuti chigawo chino chili ndi njala ya mpira yokwana kudzaza bwalo sabata iliyonse. Bwalo la Kamuzu litatsegulidwa, matimu aakulu adabwerera kwawo, ndipo Balaka idatsala n'kumadikira masewero apo ndi apo.

Ana osewera alipo. Aliyense wodutsa mumsewu wa ku Ntaja madzulo amawaona akuthamangitsa mpira wachikulunga pafupi ndi sukulu iliyonse, opanda nsapato, ena aluso loti munthu n'kuimitsa njinga. Chikusowa ndi njira yochokera pa bwalo limenelo kukafika pamene maso a aphunzitsi a matimu aakulu angawaone. Zikho za aphungu zimabwera chisankho chikayandikira, ndi mayunifolomu olembedwa dzina la wopereka, chisankho chikadutsa n'kuzimiririka. N'chimodzimodzi ndi zimene zidachitikira Bakili Bullets, kungoti pamlingo waung'ono. Mphunzitsi wa zamasewero pasukulu amagwira ntchitoyo mongodzipereka, nthawi zambiri wopanda maphunziro a ukochi, wopanda mipira yokwanira, wopanda ndalama yoyendera kukasewera ndi sukulu ya kutsidya kwa Shire.

Pa mkangano wa pa depoti uja, wolemba nkhaniyi ali kumbali ya amene amati Kinnah ndiye mphunzitsi wamkulu amene dziko lino lidabala. Adalakwitsapo, adakakamirapo osewera otopa, adataya tikiti ku Chad. Koma ndi iye adafikitsa timu ya ku Malawi pakati pa matimu asanu ndi atatu a pamwamba mu Africa, ndi iye adagonjetsa Egypt ili ndi chikho m'manja, ndi iye adapatsa Flames chipambano choyamba pa mpikisano wa Africa, ndipo maulendo onsewa chidamuthandiza ndi chimodzi: adapatsidwa zipangizo ndi nthawi.

Pempho lipite kwa makhonsolo a Machinga ndi Balaka, kwa akuluakulu a zamaphunziro m'mabomawa, kwa bungwe la masewero a m'sukulu la MASSA ndi kwa FAM. Khazikitsani ligi ya masekondale ya chaka ndi chaka m'maboma awiriwa, yokhala ndi ndalama zake mu bajeti, yosadalira chisankho. Tumizani aphunzitsi a zamasewero ku maphunziro a ukochi, ndipo ndime yomaliza izichitikira pa bwalo la Balaka, aphunzitsi a matimu a mu ligi yaikulu ataitanidwa kudzaonerera. Muitanenso Kinnah adzakhale mlendo wolemekezeka pa tsikulo, adzawauze anawo ndi pakamwa pake mmene adachokera pa sekondale ya Chiradzulu.